Tayala Lakumbuyo, Kumanzere

Kalendala ya chaka chino ailemba ndi pensulo.
Ndaimata pachitseko cha firiji kwathu ku Vignola,
ndipo Ilaria, mkazi wanga, wafufutapo kale mizinda isanu ndi iwiri.
Pamene panali Melbourne pepala labooka.

Tinafikadi kumeneko m'Malichi,
usana ndi usiku m'ndege, miyendo itachita dzanzi.
Tinatsekula makontena, tinandanda masipanala potsata misinkhu,
matayala tinawafunditsa mabulangete otentha ngati makanda,
kenako Lachisanu m'mawa, anthu ali pamzere kugeti,
wina anatulukira ndi chimkuzamawu:
bwererani kwanu.
Injini sinatsokomole n'komwe.
Ankatsokomola ndi anthu.

Ntchito yanga ndi ya masekondi awiri.
Tayala lakumbuyo, kumanzere:
ndimasula, Nedo achotsa, Tiziano alowetsa, ndimanga,
dzanja m'mwamba, yapita.
Zaka khumi ndi zitatu ndakhala ndikusenga nthawi
ngati wosenga chikhadabo chatha kale,
ndiye mliri unandiunjikira miyezi inayi pamiyendo
kuti ndione chochita nayo.

Ndinamva liwiro likulira mwamtundu wina:
ambulansi pakati pa usiku, mumsewu wopanda ngakhale galu.
Bambo anga, a Ermete,
amene anandigwiritsa sipanala mano akumkaka asanaguluke,
anatsikira kulichete Lachiwiri lina,
namwino atawagwirira foni kukhutu.
Ndinawafotokozera za giyabokosi yatsopano.
Pakamwa panga panalibe china.

Tsopano akuti tiyambe.
Julaye, m'mapiri a ku Austria,
masabata awiri otsatizana, msewu womwewo, makona omwewo,
kenako Hungary, kenako England kawiri,
kenako pensulo ikuchita chibwibwi.
Ena akuti mipikisano ikwana khumi ndi isanu,
ena akuti tione kaye mmene kuchere.

Atolankhani agawana kale chikho m'manyuzipepala.
Akuti adzatenganso omwe aja,
ife tizikalimbirana nyenyeswa za nambala seveni.
Alekeni. Nyengo ikafupika cholakwa chimatalika:
nati imodzi ikakana Lamulungu loyamba
idzakhala ikukuluma mpaka Disembala.
Mnyamata wathu, Oriol, miyezi yonseyi wathamangira pakompyuta,
atavala masokosi, mphaka ali pamwendo,
khosi lake laiwala kulemera kwa kona.
Mnzake Torvald tsitsi layamba imvi, kontirakiti ikutha,
amayendetsa ngati munthu amene wamva kuti nyumba agulitsa.
Awiriwa akakumana pakona yachitatu
ine ndidzayang'ana kumbali.

Masiku asanu aliwonse adzatipisa kathonje m'mphuno
mpaka misozi lengelenge.
Gulu lililonse m'khola mwake, kudya moyang'ana khoma,
Nedo ndizimzindikira ndi nsidze zokha.
Mipando zikwi makumi anayi idzaonerera ili duu.
Paphiri pamene pankamera matenti ndi mbendera
padzakhala ng'ombe za mlimi wina,
mabelu m'khosi, zosadziwa kuti akutsogola ndani.
Wopambana adzadzinyamulira yekha chikho patebulo
n'kuthira shampeni pasimenti.

Ilaria akuti, ukapita ndiye kuti chiyani?
Dziko likuika maliro, inu mukuzungulira bwalo.
Sindinamuyankhe. Ndinapinda ovololo, ndinaika m'chikwama.
Usiku ndinamumva akuikamo masiki ena khumi.

Mpikisano ukatha bambo ankaimba foni, moni osapereka:
"Awiri ndi theka? Unagona?"
Wotchi yawo yoyezera ili m'thumba langa lakumanzere,
galasi losweka, ikuyendabe.

Lamulungu nyale zisanu zofiira zidzazima.
Phokoso lidzagunda mipando n'kubwerera lokha.
Ikadzazungulira makumi awiri ndi kanayi, wailesi idzati yabwera,
ndidzagwada pamalo anga, bondo lamanja pansi,
kutentha kwa mabuleki kudzandiwomba kumaso,
ndipo kwa masekondi awiri
sindidzakumbuka aliyense.