Wolawa Tiyi wa ku Jorhat

Zaka makumi atatu ndadyera lilime ili.
Makapu oyera pamzere,
ine kupsontha, kuzunguza m'kamwa, kulavula,
n'kugamula: uyu anathyoledwa mvula itangokata,
uyu wapserera m'chowumitsira,
uyu mukweze mtengo, musachite manyazi.
Sikelo ya minda isanu ndi umodzi inali m'kamwa mwanga.

Lero lilimelo lili pachithunzi ku Guwahati.
Dokotala Phukan akuloza ndi cholembera:
apa, kutsinde, ndi kena aka pansi pa chibwano.
Za mtedza wa tamuli sanandifunse.
Waona kale kufiira kwa mano anga.

Njira zilipo ziwiri, bambo Borthakur.
Cheza chokha, masabata asanu ndi awiri,
Lolemba mpaka Lachisanu.
Kapena cheza ndi mankhwala a m'diripi pamodzi.
Mukaphatikiza, mwayi umatalikirako.
Ndi mkono? ndikufunsa.
Ndi chala, akutero, koma chala n'chala.
Kungoti mankhwalawo salowa ulere:
amalipiritsa impso, amabwera ndi nseru,
ndipo nthawi zina amatenga makutu.
Lanu lamanzere linagona kale.

Nanga lilime?
Iye akutseka cholembera, akutsekulanso.
Njira zonse ziwiri zimadutsa pomwepo.
Malovu adzaphwa.
Tiyi adzamveka ngati madzi otsukira misomali.
Kwa ena kukoma kumabwerera.
Kwa ena kumabwera kotsimphina.

Jonaki pafoni, kuchokera ku Bengaluru:
Tengani zonse, bambo, zonse zimene ali nazo!
Akuwerenga manambala amene wapeza usiku,
mawu akunjenjemera pa nambala iliyonse.
Minoti sakunena kanthu.
Akupinda malaya anga amene anapinda kale.

Kunyumba, kuseri kwa khitchini,
kuli chowombera nsalu chake.
Kho, kho. Kho, kho.
Ndi mmene ndimadziwira kuti wadzuka,
kuti mkwiyo wa dzulo watha kapena ulipo.
Sindinamuuzepo.

Usiku m'kachipinda ka lendi pafupi ndi chipatala
ndinagonera khutu labwinolo, kulikanikiza papilo,
kuyeserera.
Mvula inali pamalata, ndinkaiona pawindo,
koma inkagwa ngati ya anthu ena.
Minoti anayankhula. Ndinaona milomo yokha.
Ndinadzuka thukuta lili kamukamu.
Wati chiyani?
Ndati usagonere khosi, anatero.

M'mawa ndinapita kukatsatsa malonda,
poti ndi ntchito yomwe ndimaidziwa.
Adokotala, mankhwalawo sangagawike?
Angathe, anatero: pang'onopang'ono, sabata ndi sabata,
ndipo khutu tiziliyeza.
Likangoyamba kulira, tikhalanso pansi.
Sikulonjeza. Ndi kupenyetsetsa chabe.
Ndinasaina. Dzina langa linatuluka lokhota.

Anandizula mano atatu akumbuyo.
Anafunditsa nkhope yanga ukonde wofunda wa pulasitiki,
unauma, unasunga mphuno yanga ndi chibwano,
nkhope yachiwiri yoti izindidikira pashelefu
pakati pa ya mphunzitsi wina ndi ya woyendetsa bwato.
Mawa adzaimangirira patebulo, ine ndili m'kati.
Osameza, osagwedezeka, atero.

Madzulo ano, pageti la chipatala,
pali mnyamata wogulitsa tiyi pangolo.
Fumbi la masamba, lowiritsidwa kuyambira m'mawa,
shuga wa dzanja lolemera, mkaka wopserera pansi.
Chaka chatha ndikanamupatsa ziro
popanda kunyamula kapu.

Ndagula awiri.
Minoti akuuzira wake, akundiyang'ana cham'mbali.
Ndapsontha. Chilonda chaluma.
Kuseri kwa shuga, kuseri kwa utsi,
ndapeza tsamba, la kutsidya kwa Brahmaputra,
lothyoledwa mochedwa, ndi manja otopa.
Ndalisunga palilime mpaka lazizira.

Zaka makumi atatu ndakhala ndikulavula.
Uyu ndameza.