Mzere wa Zigubu ku Mabvuku

Mpopi wathu unauma Ndaziona asanabadwe,
choncho mwana wanga wakulira pamzere,
kuyambira tambala woyamba
mpaka dzuwa litatulukira mu fumbi la fakitale ya simenti.

Pamjigo sipaima munthu, pamaima chigubu,
ndipo chilichonse chili ndi dzina la mwini wake:
lina la penti, lina la makala,
lina lolembedwa ndi msomali wotentha.

Mmawa wina anandikoka malaya.
"Ababa, ichi chokhala ngati madenga awiri n'chiyani?"
Ine sukulu ndinailekezera giredi yachitatu
pa famu ya fodya ku Mvurwi.
Ndinameza malovu, ndinayang'ananso.
"Ameneyo ndi M," ndinatero,
ngati ndakumana ndi mnzanga wakale pa siteji ya basi.

Mai Marufu anamva.
Anatembenuza chigubu chawo kuti chiyang'ane mwanayo
nati m'Chinyanja chawo chotsimphina,
"Bwera, yamba ndi langa. Ndi lalifupi."
Ma. Ru. Fu.
Kachala kakuyenda pa pulasitiki wonyowa,
mzere nawo ukuyenda,
ife osazindikira kuti watisiya.

Kusukulu aphunzitsi a Gwatidzo ali ndi ana makumi asanu
ndi mabuku asanu ndi atatu.
Anandiuza pageti, choko chili m'tsitsi,
"Ine ndimangoyatsa, bambo. Kukolezera n'kwanu."
Ndinawayankha kuti kunyumba kulibe buku.
Anandifunsa ngati kulibe mawu.

A Chimbalanga atelala anakutumula matumba a simenti,
kuwadula, kuwasoka pakati ndi ulusi wofiira wotsala pa diresi ya ukwati.
A Saidi, pochokera ku mzikiti, anaponya pensulo pawindo
osaima n'komwe.
Usiku magetsi atathawa
tinalemba pa kuwala kwa foni mawu athu
amene sapezeka m'mabuku a kuno:
mphasa, mvula, mtondo, chimanga,
ndi Ntcheu, kwawo kwa bambo anga,
kumene ine ndi iye sitinapondeko.
Anafunsa chifukwa chake dzina limodzi
lili ndi zilembo zitatu zopanikizana poyambira.
Ndinati mwina zinakwera kombi.

Si onse anakondwa ayi.
Bambo wina wa chipewa cha njinga anakalipa
kuti ana akusokoneza mzere,
pamjigo si pasukulu.
Patapita sabata ndinamuona atabwerezanso penti dzina lake,
zilembo zikuluzikulu, zowongoka,
chigubu atachiika choyang'ana kumene kumakhala anawo.

Tsopano amabwera asanu ndi awiri, ena opanda nsapato.
Amawerenga zigubu, amawerenga paketi ya shuga,
amawerenga TAFARA pagalasi la kombi
kondakitala n'kugwira chitseko kudikira amalize.
Nane ndimawerenga chamumtima kumbuyo kwawo.
Pena ndimachedwa, iwo n'kundipitirira.

Dzinali anamutcha ndi mayi ake,
chaka chimene ndalama zinasanduka mapepala,
miyezi yochepa asanakwere basi ya ku Joni.
Sindinalikonde. Linkanunkha misozi.

Dzulo anapempha khala kwa mai ogulitsa chimanga chootcha,
nagwada pafumbi pambali pa kachigubu kake ka malita asanu.
Analemba pang'onopang'ono, lilime lili panja.
N anayang'ana chammbuyo.
Z anagona chammbali ngati waledzera.
Ndinafuna kukonza, mai Marufu anandigwira mkono.

Anaimirira, manja bii, maondo mbuu,
nawerenga mokweza kuti mzere wonse umve:
"Nda-zi-o-na."
A Chimbalanga anamuseka, "Waziona ziti, iwe kamwana?"
Iye analoza zigubu zonse,
kuchokera pampini wa mjigo mpaka kumsewu,
nati, "Izo."

Kenako inakwana nthawi yathu yotunga.
Ndinapopa madzi nkhope nditaweramitsa.