Tianato Tidziwa Bwanji?

Ginnery Corner, wani koloko usiku.
Jenereta akutsokomola pansi,
ine ndi Ndaziona tikadali pa kompyuta,
tiyi anazizira kalekale.

Pulogalamu yathu ili ndi ntchito yaikulu
ndi tiana take titatu toyenda nthawi imodzi:
kena kamatchera khutu pa netiweki,
kena kamalemba malisiti a madzi,
kachitatu kamangowerenga masekondi.
Funso latidyera sabata yathunthu:
make akamaliza, akufuna kuchoka,
tianato tidziwa bwanji?

Kompaila yoyamba ndi yaulemu.
Make amaima pakhomo, sachoka ana asanamalize.
Ana nawo akuti sitileka amayi asanachoke.
Akudikirana chomwecho, chitseko chili pululu,
mpaka fani ya laputopu yayamba kubuula.

Yachiwiri ilibe chisoni.
Make akangoponda mzere womaliza
imazimitsa nyumba yonse,
lisiti la munthu wa ku Chilomoni
kudukira pakati pa dzina.

Yachitatu ndiyo yandilasa.
Kamwana kakafunsa kuti, "Alipo?"
imayankha kuti alipo,
chonsecho anamaliza kale,
changotsala n'dzina m'kaundula.

"Khodi ndi yomweyi," akutero Ndaziona,
"sitinasinthe ngakhale kadontho."
Inde, koma mudzi uliwonse
uli ndi kalengezedwe kake ka maliro.

Che Mbwana, mlonda, alowa kudzatchaja foni.
Ndiwafunsa: mumadziwa bwanji kuti bwana apita?
"Sanditsanzika amene aja.
Ndimangoona poimika galimoto patsala mafuta okha."

Bambo anga anatisiya mu Febuluwale.
Bilu ya madzi ikubwerabe ku Zingwangwa m'dzina lawo.
Alamu ya foni yawo imalirabe faifi koloko
kuti amwe mankhwala a shuga;
palibe anaiuza.
Mlongo wanga amadzuka n'kuizimitsa,
koma kuichotsa wakana.

Basi, ndaleka kufunsa kompaila.
Ndalemba kambendera, mizere isanu ndi umodzi:
make akakweze yekha asanatuluke,
ana azisuzumira pakapita masekondi awiri,
akakaona amalize lisiti lili m'manja,
atseke mafailo, atuluke mmodzimmodzi.

Tayesa yoyamba: yatseka.
Yachiwiri yadulanso lisiti,
ndaonjezera mzere woti make awerenge ana asanazimitse.
Yatseka.
Yachitatu yanamanso kuti alipo,
koma palibe akuifunsanso.

Ndaziona akuimbira wa takisi wa ku Chitawira.
Soche sakuoneka, kuli nkhungu.
Ndikutsika masitepe, makiyi ali m'manja,
pageti ndaima,
ndanena mokweza kuposa mmene zimafunikira:
"Che Mbwana, ife tapita."

Ali m'tulo, chipewa chili kumaso,
foni ikuthwanima pabondo.
Ndawagwedeza paphewa,
ndadikira mpaka ayankhe.