Situdibeka ya Che Ajilu

Atsibweni anga, Che Ajilu,
atasoka masuti ku Joni zaka khumi ndi zinayi,
sanabwere ndi wayilesi ngati anzawo.
Anabwera ndi Situdibeka,
yobiriwira ngati mpiru, mphuno yosongoka ngati ya ndege,
ndipo pa Boma amayi anasiya malonda pa mphasa
kuti aone chobangulacho.

Dzina lake linkatizungulitsa lilime.
Ankatiwongolera, kenako n'kuyamba kulongosola mtundu wake
monga momwe munthu amatchulira makolo:
"Ku Amerika, kudera lotchedwa Indiana,
kunali abale osula zitsulo.
Anayamba ndi ngolo, mwana iwe,
ngolo zokoka akavalo.
Patapita zaka anamasula kavalo, n'kumangapo injini."
Akatero ankapuma mpweya pagalasi
n'kupukuta ndi mpango wa m'thumba.

Inanyamula akwati a Mpondasi yense.
Inawolotsa mayi anga Shire usiku, ali pakati,
mlongo wanga n'kubadwira pampando wakumbuyo,
chipatala chikuonekera patali.
Koma pokwera Chowe kupita ku Namwera
inkawira ngati ketulo.
Ife ana ntchito yathu inali zigubu ndi miyala:
wina kuthira madzi, wina kutchinga tayala,
atsibweni akuinyengerera m'Chiyao.
Mafuta inkamwa mosaona nkhope.
Abiti Mkwanda ankati,
"Mkazi wamkulu ndi ameneyo,
ine ndinangobwera kudzathandiza."

Chaka china pampu ya madzi inafa.
Analemba kalata ku Blantyre.
Yankho linafika mvula itatha, mizere itatu yokha:
kampaniyo inasiya kupanga magalimoto,
zipangizo tilibe, pepani.
Anawerenga kawiri, n'kuipinda pang'onopang'ono
ngati uthenga wa maliro wofika mochedwa.
Madzulo ndinawamva pakhonde akuti,
"Basi, watsala wamasiye."

Wamasiye amavala chimene wapatsidwa.
Kabuleta ya Pijo, nyali za Bedifodi,
lamba wa pachigayo cha Che Mtalika,
waya wa mpanda pogwirira chitseko.
Inayendabe zaka zisanu ndi zinayi,
ikutsokomola m'zilankhulo zitatu,
mpaka Lachisanu lina, pochokera kumzikiti,
inazima pansi pa mtengo wa bwemba
osadzukanso.
Nkhuku zinaikira pomwe anabadwira mlongo wanga.

Atsibweni atatisiya, inagwera ine.
Anyamata a sikelo anabwera katatu,
akuyesa ndi maso, akutchula mtengo pa kilo.
Ndinawauza kuti mbiri sagula pa kilo.
Anaseka, ndipo mwina sanalakwe,
poti pansi pake panali patadyeka,
ukaponda phazi linkatulukira ku dothi.

Ine ntchito yanga ndi yowotcherera.
Ndinaiyang'ana mwezi wathunthu ndisanayatse moto.
Thupi ndinawapatsa a sikelo aja,
ndalama yake ndinagula matabwa a mlombwa.
Koma ekiselo yakumbuyo inali yamoyo,
chitsulo chosamva dzimbiri,
ndipo ndinaimangira bokosi ndi mtanda wokokera.

Lero mukaima pamsewu wa ku Chimwala m'mawa
mudzaona ng'ombe ziwiri, Bandawe ndi Sitima,
zikukoka njerwa, nthawi zina mchenga,
mdzukulu wanga Twaha ali pamwamba ndi kamkwapulo.
Kumbuyo, pathabwa, ndinakhomapo chizindikiro chija,
zilembo ziwiri zinathothoka.
Iye sadziwa za Indiana.
Ndinayesa kumuuza za abale osula zitsulo,
anangoti, "Agogo, ndiye yangobwerera kwawo,"
n'kukuwira ng'ombe.

Gudumu lakumanzere limalirabe
kulira komwe kuja kwa pa Chowe.
Girisi ndathira, sikumva.
Ndikalimva, dzanja langa limafuna mwala.