Mphindi Yoyamba

Usiku wa Lachitatu ku Kawale.
Ndatsamiza foni pa botolo la diripi lotha ntchito,
khutu limodzi ndapatsa mphunzitsi,
linalo ndasiyira mayi wa pa bedi lakuzenera
amene akubuula motsitsa, ngati akuopa kutivutitsa.

Mphunzitsi wangayu sindinamugwirepo chanza.
Amakhala m'kagalasi kong'aluka pakona,
amalankhula bwinobwino, kenako n'kuuma, kukamwa yasa,
netiweki ikapita kukamwa madzi ku Lingadzi.
Kamkombero kaja kamangozungulira, kuzungulira,
ngati minibasi yosowa anthu m'depoti.
Bandulo ya sabata inatha Lolemba.
Inayi ndagula ndi ndalama ya tomato.

Kale maphunziro ankachitikira ku hotela ku Mponela:
masikono, zakumwa, envulopu ya alawansi,
ndipo opita anali omwewo omwewo,
mayina awo atamera mizu pa kalata ya bwana.
Ife ausiku tinkangomva fungo.
Lero kalasi yandipeza pa benchi la odwala,
yopanda envulopu, yosasankha nkhope.

Chigwenembe wa ku famase anamaliza tsiku limodzi.
Anangodinadina, mayankho atamutumizira mnzake,
satifiketi yake ili m'fulemu, ikuwala.
Sindimuweruza. Laisensi imafuna mapointi,
ndipo mapointi safunsa ngati dzanja ladziwa.

Ine phunziro lachisanu ndi chiwiri linandigwetsa kawiri.
Mwana wabadwa, sakulira. Uchita chiyani?
M'kanemamo muli tebulo lofunda, makina olira,
anthu anayi ovala zoyera atazinga chidole.
Kuno ndili ndi a Nachuma okolopa
ndi tochi ya foni magetsi akathawa.
Ndinaseka. Koma dzana ndinatenga thaulo,
kulikulunga ngati khanda, kulipendeketsa mutu,
n'kumafinya kathumba ka mpweya pamwamba pake:
puma, ziwiri, zitatu; puma, ziwiri, zitatu,
mpaka a Nachuma anaimika mopu:
anesi, mitu ili bwino koma?

Tambala asanalire, mayi wa kuzenera waitana.

Wabadwa wamkazi, wolefuka ngati nsalu yonyowa,
milomo yotuwa, ali chete.
Chete uja amene amakumba dzenje pakati pa chipinda.
Foni ili m'thumba, yazima.
Pano palibe podina kuti ubwerere m'mbuyo.
Ndamupukuta, ndamusisita kumsana. Zii.
Manja apita okha kumene thaulo linawaphunzitsa:
chibwano m'mwamba pang'ono, osapyola,
apa mpomwe ndinalakwa kawiri konse.
Chifuwa sichikukwera. Konza chovindikira kukamwa. Finyanso.
A Nachuma akuwerenga nane mokweza,
ziwiri, zitatu,
iwo amene dzana ankandiyesa wamisala.

Kachifuwa katukuka ngati mtanda wa mandasi.
Katsika. Katukukanso.
Kenako kulira, kosasa mawu, kokwiya,
kodzutsa mlonda pageti.
Mayi ake akufunsa dzina langa, ndalitchula,
koma mawondo akunjenjemera, ndakhala pansi pa simenti.

Musandifunse ngati ndi kanema uja wamupulumutsa.
Mwina ndi thaulo.
Mwina ndi zaka khumi ndi zitatu za mausiku ngati uno,
ndi ana ena amene sanalire, amene ndimawawerenga ndekha.
Mwina mwanayo anangofuna kukhala.
Chomwe ndikudziwa n'chakuti chibwano chija
chaka chatha ndikanachikweza mopyola.

Kwacha. Ndaima pa siteji, foni ndaitchaja kwa wogulitsa mayunitsi,
mphepo ya ku Mchesi ikundithira fumbi m'maso.
Fomu yomaliza yatseguka yokha:
maphunzirowa akuthandizani motani?
Sankhani nyenyezi, imodzi mpaka zisanu.
Palibe malo olembapo thaulo,
palibe malo a a Nachuma.
Chala chili m'mwamba,
fungo la khanda likadali m'zikhadabo,
kondakitala akukuwa kuti m'tauni, m'tauni,
ndipo uthenga walowa:
bandulo yanu yatha.