Ndowa pa Msewu wa Kedzie

Maola awiri ndinakumba, msana ukulira,
fosholo ikudya chipale chofewa
chimene chinagwa usiku wonse pa Chicago
mpaka magalimoto anasanduka mitumbira yoyera.
Nditatha ndinaika mpando pamalopo,
uja wogwedera mwendo umene Odessa amati titaye.
Kuno aliyense amamva chilankhulo cha mpando:
wakumba ndiye mwini, yako kaimike kwina.

Poweruka, mdima utagwa kale,
ndinapeza mpando uli chagada pamulu,
miyendo m'mwamba ngati mphemvu yakufa,
pamalo panga pali galimoto yofiira ya Radek,
mnyamata wa nyumba yachitatu
amene sanagwirepo fosholo chibwerereni.

Sindinama ayi.
Ndinalowa m'nyumba osavula nsapato,
ndinatsegula mpopi, ndowa n'kudzaza.
Kuno madzi ndi mkondo:
ukathira pachitseko cha galimoto usiku wa Januwale,
m'mawa mwiniwake apeza mwala,
kiyi osalowa, iye akutukwana,
iwe uli pawindo ndi kapu ya khofi.

Odessa anandiona, sanayankhule.
Anangochepetsa moto pachitofu.
Zaka makumi atatu zamuphunzitsa
kuti mawu pa nthawi yotere ndi palafini.

Panja mphepo inkameta makutu.
Ndinaima pambali pa galimoto ija,
ndowa m'manja, mtima uli phaphapha.
Ndipo ndinaliona dzanja langa.
Ndi lomweli Lamulungu linanyamula mbale ya mgonero
benchi ndi benchi,
kwa agogo Pruitt, kwa ana a kwaya,
ine nditavala tayi, nkhope ili yofatsa ngati nkhosa.

Pemphero langa silinali lokongola.
Ndinati, Yesu, mwaona zimene wachitazi.
Ndinati, Yesu, msana wanga.
Kenako mawu anatha.
Kumwamba kunali zii.
Sitima inadutsa pamlatho, mawindo ake owala,
anthu otopa atatsamira magalasi.

Ndinangoima. Mwina mphindi zisanu, mwina khumi.
Ndowa inayamba kulemera,
pamwamba pa madzi panachita kakhungu,
ndipo nyali ya mumsewu inandionetsa nkhope m'menemo.
Sinali yanga.
Inali ya malemu bambo, usiku umene anaswa wailesi
chifukwa cha supuni yosatsukidwa,
ife ana tili pansi pa bedi, tikuwerenga mapazi awo.

Madzi ndinawathira m'ngalande.
Anapita akulira ngati nawonso akhumudwa.

Ndinagogoda kwa Radek.
Mawu anga ankanjenjemera, koma anali mawu, osati zibakera.
Malo aja ndinakumba ndine, mwanawe.
Anakweza mapewa, foni ili pakhutu:
Msewu ndi wa boma, achikulire.
Chitseko chinatsekeka pamphuno panga.

Apo ndiye moto unabwerera wonse,
unakwera khosi, unafika m'mano.
Ndinaluma lilime mpaka kumva mchere.
Ambuye, inu anakulavulirani,
ine angonditsekera chitseko,
komabe gwirani nsagwadazi, pandekha sinditha.

Ndinatenganso fosholo.
Kutsogolo kwa shopu yotsekedwa, kutali ndi khomo langa,
ndinakumba malo ena,
fosholo iliyonse ndikutaya nayo chitukwano chimodzi
chimene sichinatuluke pakamwa.
Zinali zambiri. Malowo anakula bwino.

Usiku Odessa akundipaka mankhwala kumsana
anafunsa, Ndiye wapambana, a dikoni?
Sindidziwa, ndinatero.
Mphika ukuwirabe,
ndangogwira chivindikiro,
ndipo dzanja limene lagwira langali
lili ndi chipsera cha msomali.

Mawa sikisi koloko ndidzadutsanso pa galimoto yofiira.
Sindinamukhululukire kotheratu mnyamatayo,
sindifuna kunamiza Mulungu.
Koma ndowa ili pansi pa sinki, yovundikira,
ndipo mpando ndaulowetsa m'nyumba.
Odessa akuti tiukonze mwendo.