Mfundo Ziwiri pa Chitenje

Pa Kalomwe, pamene msewu wa ku Ulongwe umagogoda pachipata,
ndimakhala pa kireti ya mabotolo opanda kanthu,
mfundo ziwiri pa chitenje changa:
kumanzere metikali, kumanja kwacha.
Ndine Felizarida, wosintha ndalama.
Ndimadya tizinyenyeswa togwera pakati pa mayiko awiri.

Woyendetsa lole ya kachewere wandiuza m'mawa uno
kuti dziko lili m'ngongole mpaka m'khosi.
Ndati, ngongole ya yani?
Wati, yanu mayi, inu ndi kamwana kali kumsanako.
Kamwanako kali ndi mano awiri okha.
Sikanasainepo pepala, ngakhale kudinda chala,
koma akuti gawo lake linalembedwa kale
m'kaundula wa anthu a mataye, kutsidya kwa nyanja yamchere.

Ngongole ndimaidziwa ine.
Ndinakongolapo feteleza kwa a Jerevaziyo,
matumba awiri. Ndinawaona, ndinawasenza pamutu,
chimanga chinabiriwira, ndinabweza atatu.
Nanga iyi ndinaidyera kuti?
Phwando linali liti, ine ndili kuti,
kuti lero andiitane kudzatsuka mbale?

Akuti timange lamba.
Mlongo wanga Zefaniya amaphunzitsa ku Domwe,
ana makumi asanu ndi atatu m'chipinda chimodzi.
Ndalama za maola owonjezera
zinasanduka "mwezi wamawa" chilimwe chiwiri chapitacho.
Lamba wake anauboola ndi msomali,
kenako anauboolanso.
Kuchipatala namwino anandilembera dzina la mankhwala
pa kachidutswa ka katoni,
nati kaguleni nokha, kuno kwatsala thonje.

Lachinayi mtengo wa chapa unadumpha,
buledi anaonda ngati wadwala,
ndipo anyamata anakunkhuniza matayala pamphambano.
Utsi unaimirira, wakuda bii, kuposa mitengo ya bulugama.
Amayi a tomato anathawa osaphimba milu yawo.
Mfuti inalira kawiri, ena akuti katatu,
utsi wokhetsa misozi unalowa mpaka m'chigayo.
Inosensiyo, uja amakankha njinga ya makala,
anafika pano ndi patapata mmodzi, magazi m'khutu.
Sanatole mwala iye.
Amangofuna kudutsa makala asananyowe ndi mvula.

Usiku womwewo pawailesi bambo wina wophunzira
ankalota mokweza:
bwanji mayiko onse oyandikana
atakhala ndi ndalama imodzi, yosafunsidwa chiphaso pamalire?
Amuna a pabawo anaomba m'manja,
nati osintha ndalama adzaona polekera kutimeta.
Anandiyang'ana. Ndinaseka nawo.

Ntchito yanga itatha, si mlandu;
manja awa amadziwa kukazinga zigege.
Chimene chinandilanda tulo n'china.
Kuno kwathu ngolo timaidziwa:
ukamanga nkhunzi ndi thole pagoli limodzi,
limodzi limayenda, linalo limakhwekhwerezeka,
ndipo khosi lonyuka silikhala la lalikululo.
Ngolo imodzi, chabwino,
koma chikwapu chidzakhala m'dzanja la yani?
Tsiku lomwe kwathu kudzagwe chilala, kwawo mvula ili pwata,
adzatimasula kuti tipume,
kapena adzati kokani, munalowa nokha?
Nanga ngongole ija,
kodi siidzangosintha malaya, nkhope n'kukhala yomweyo?

Lero msewu watseguka.
Phula lili ndi zipsera zozungulira,
mawaya a matayala apiringizika ngati zisa zopsa.
Patapata wa Inosensiyo akadali m'ngalande,
palibe wamutola.

Mayi wa ku Dedza akufuna mametikali a nyemba.
Ndanyowetsa chala, ndawerenga, ndabwerezanso.
Wati dzulo simunatero.
Ndati dzulo linapita ndi mtengo wake, mayi.

Kamwana kadzuka, katambasula dzanja pansi pa khwapa langa,
kasolola ya makumi awiri, kaiika m'kamwa.
Ndakalanda msanga, kalira.
Ndapukuta malovu pa chitenje, ndaiwongola pabondo.
Usadye, mwanawe, tonthola.
Si yathu iyi.
N'njobwereka.